Mwana wa giredi 4 sawerenga: kodi ndimuchotse pasukulu ndizimuphunzitsa ndekha?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chelstone, mu Lusaka. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9, ali mu giredi 4, koma mpaka lero satha kuwerenga chiganizo chathunthu. M'kalasi mwawo muli ana oposa 80. Mnzanga wa kutchalitchi anachotsa ana ake pasukulu, amawaphunzitsa yekha kunyumba, ndipo akuti kafukufuku wa ku America anasonyeza kuti ana otere amakhoza kuposa a kusukulu. Apongozi anga akuti ndikatero mwana adzakhala wamanyazi, wosadziwa kukhala ndi anthu. Ine ndinamaliza giredi 12, ndimagulitsa zitenje pa kashopu kanga, bambo a ana ndi dalaivala wa mathiraki. Kodi kafukufukuyo ndi woona? Ndimuchotse?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo: musamuchotse mwana pasukulu panopa. Sindikunena kuti kuphunzitsa ana kunyumba n'koipa. Alipo makolo amene akuigwira bwino ntchito imeneyi, muno mu Lusaka momwe, ndipo ndimawalemekeza. Koma chimene chikuvuta mwana wanu n'chodziwika, ndicho kusawerenga, ndipo mukhoza kuyamba kulimbana nacho Lolemba likudzali iye asanavule yunifolomu. Za kafukufuku, mnzanuyo sananame, alipodi. Kungoti sanena zonse zimene anthu amamunenera.

Pafupifupi zonse zimene zalembedwa pa nkhaniyi zachokera ku America, pang'ono ku Canada ndi ku Britain. Ku America makolo anayamba kuchotsa ana m'sukulu mochuluka cha m'ma 1970 ndi 1980, ena chifukwa cha chipembedzo, ena poona kuti sukulu ikupha chidwi cha mwana. Pofika 1993 zigawo zonse 50 za dzikolo zinali zitavomereza mchitidwewu mwalamulo. Nthambi ya boma lawo yosunga ziwerengero za maphunziro inapeza ana pafupifupi 850,000 ophunzira kunyumba mu 1999, ndipo mu 2016 anali pafupifupi 1.7 miliyoni, kapena kuti ana 3 mwa 100 alionse. Mliri wa Covid-19 utabwera, ofesi yawo ya kalembera inapeza kuti mwa mabanja okhala ndi ana a msinkhu wa sukulu, ophunzitsa kunyumba anachoka pa 5.4 peresenti mu Epulo 2020 kufika pa 11.1 peresenti mu Okutobala chaka chomwecho. Ifenso tinalawako, ngakhale mosafuna. Sukulu zathu zinatsekedwa pa 20 Malichi 2020, ana ambiri n'kubwerera mu Seputembala, ndipo mu 2024 kolera inatisungitsa ana pakhomo mpaka pa 12 Febuluwale. Aliyense amene anali ndi ana m'nyumba masiku amenewo anaona yekha kuti kukhala ndi mwana pakhomo ndi kumuphunzitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri, amenenso ndikuganiza kuti ndi amene anafika m'makutu a mnzanu, ndi wa Lawrence Rudner wa mu 1999. Iye anaona zotsatira za mayeso za ana 20,760 a m'mabanja 11,930. Mwana wapakatikati mwa iwo ankaposa ana 70 mpaka 80 mwa 100 alionse a m'dzikolo. Ziwerengerozi n'zoona. Koma tifunse kuti anawo anali a ndani. Anali a makolo amene analipira okha kuti ana awo ayesedwe kudzera ku Bob Jones University, yunivesite ya Chikhristu. Mabanja 97 mwa 100 anali a bambo ndi mayi okwatirana, ndalama zawo zinali zoposa za banja wamba la ku America, makolo ambiri anapitirira sekondale, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse anali ndi kholo la satifiketi ya uphunzitsi. Ndalama zoyendetsera kafukufukuyo zinachokera ku HSLDA, bungwe la maloya oteteza makolo ophunzitsa ana kunyumba. Rudner mwiniwake anachenjeza m'lipoti lomwelo kuti ntchito yake sikutsimikizira kuti kunyumba kumaposa kusukulu. Chenjezo limenelo ndi limene limatsala m'njira nkhaniyi ikamayenda pa WhatsApp.

Zili ngati munthu kupita ku chionetsero cha zaulimi ku Showgrounds, n'kuona ngala zikuluzikulu za chimanga, n'kubwerako akunena kuti chaka chino dziko lonse lakolola bwino. Palibe mlimi amene amanyamula chimanga chopinimbira kupita nacho ku chionetsero. Kholo limene mwana wake wakhala zaka ziwiri kunyumba osaphunzira kanthu silipita naye kukayesedwa, ndipo sililemba dzina pa fomu ya ofufuza. Komanso ana a makolo ophunzira, a ndalama, okhala ndi mabuku m'nyumba, amakhoza bwino ngakhale ali pasukulu wamba. Tsono sitingadziwe ngati chawakweza ndi kuphunzira kunyumba kapena nyumba imene anabadwiramo. Malipoti a Brian Ray, amene anakhazikitsa bungwe lofufuza nkhaniyi mu 1990 ndipo nayenso amatchulidwa kawirikawiri, ali ndi chilema chomwechi: oyankha mafunso ake ndi mabanja odzipereka okha.

Kafukufuku amene ine ndimamukhulupirira koposa ndi wamng'ono kwambiri. Mu 2011 Sandra Martin-Chang ndi anzake awiri ku Canada anatenga ana 37 ophunzira kunyumba ndi ana 37 a sukulu za boma, a zaka 5 mpaka 10, ochokera m'madera ofanana, ndipo anawayesa okha maso ndi maso m'malo mongolandira zotsatira kwa makolo. Anapeza kuti ana a kunyumba aja anali magulu awiri. Okwana 25 ankaphunzira mwa ndondomeko: kholo linali ndi mabuku, linkadziwa phunziro la lero ndi la mawa. Amenewa anaposa anzawo a kusukulu. Otsala 12 ankaphunzira mopanda ndondomeko, makolo awo pokhulupirira kuti mwana amatola yekha nzeru m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Amenewa anatsalira m'mbuyo mwa magulu onse awiri. Ana 12 ndi ochepa, sitingamangirepo lamulo. Komabe zimene anapezazo zikugwirizana ndi zimene mphunzitsi aliyense wa giredi 1 amadziwa. Kulankhula mwana amatola yekha, koma kuwerenga amachita kuphunzitsidwa, chilembo ndi chilembo, ndi munthu amene wakhala pansi n'cholinga chimenecho.

Robert Kunzman ndi Milton Gaither anasonkhanitsa zofufuza zambirimbiri za nkhaniyi mu 2013, n'kuzionanso mwatsopano mu 2020. Chimodzi mwa zimene anaona chikubwerezabwereza ndi ichi: ana a kunyumba amakonda kuchita bwino pa kuwerenga ndi mawu, koma pa masamu amatsalira poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo. Chifukwa chake sichovuta kuchiganizira. Kholo lokonda mwana limamuwerengera nkhani, limacheza naye, mawu n'kumachuluka. Koma mafulakishoni ndi algebra amafuna munthu amene anawamvetsa bwinobwino, ndipo ambiri anangowoloka mayeso a masamu ndi thukuta. Dzifunseni moona mtima, mayi. Masamu a giredi 4 mungaphunzitse. Nanga a Fomu 2? Nanga sayansi yofuna labu?

Za moyo wa anawa akakula, ofufuza a ku Harvard anatulutsa lipoti mu 2021 atatsatira ana oposa 12,000, onse ana a manesi, kuchokera ali achichepere mpaka atakula. Ubwino wake ndi woti mabanjawa sanalowe m'kafukufukuyo chifukwa cha nkhani ya sukulu, choncho vuto la kudzisankha lija linachepa. Amene anaphunzira kunyumba anapezeka kuti amagwira kwambiri ntchito zongodzipereka, amakhululukira anzawo, ndipo amapita ku mapemphero kawirikawiri kuposa amene anaphunzira m'sukulu za boma. Koma mwayi wawo wopeza digiri unali wotsika ndi 23 peresenti. Zonse ziwiri n'zofunika kuziganizira. Ine maso anga amakhala kwambiri pa chachiwiricho, chifukwa kwathu kuno wopanda pepala ntchito amangoimvera kwa anzake.

Ndikaika zonsezi pamodzi, chimene ndikuona ndi chakuti palibe umboni woti nyumba payokha imaposa sukulu, ndipo palibenso umboni woti imaononga mwana. Chimene chimakweza mwana ndi munthu wamkulu amene ali ndi nthawi, ali ndi ndondomeko, ndipo amayambira pamene mwanayo ali. Munthu ameneyo akakhalapo, mwana amaphunzira, kaya pa desiki kaya pa tebulo lodyera. Akapanda kukhalapo, kusintha malo sikuthandiza.

Apongozi anu musawatsutse msanga, nkhawa yawo ndi ya munthu wokonda mdzukulu. Richard Medlin, katswiri wa za maganizo ku America, ataunika zofufuza za nkhani imeneyi mu 2013 anapeza kuti ana a kunyumba satsalira pa kukhala ndi anthu. Kungoti zambiri mwa zofufuzazo ndi za ana ochepa, ndipo kawirikawiri amene amafunsidwa za khalidwe la mwana ndi kholo lake lomwe. Ndi kholo liti limene linganene kuti mwana wake sadziwa kucheza? Kwathu kuno nkhani ya manyazi sindiiopa kwambiri. Mwana wa mu komboni kapena m'nyumba zogundizana ali ndi asuweni, anzake a Sande sukulu, ana a aneba osewera nawo waida ndi chiyato mpaka dzuwa kulowa. Amene ndimamudera nkhawa ndi wa kumpanda wa njerwa ndi geti lokhoma, amene mnzake ndi foni. Koma pali china chimene sukulu imaphunzitsa chimene nyumba imavutika nacho: kukhala ndi anthu amene sunawasankhe. Pasukulu ya mu Lusaka mwana amakhala benchi imodzi ndi Mbemba, Mtonga, Mlozi, wa mpingo wina, wolemera ndi wosauka. Amaphunzira kumvera munthu wamkulu amene si m'bale wake, kudikira nthawi yake, kudziteteza ndi pakamwa. Mukamuchotsa, zimenezi muyenera kumukonzera mwadala.

Nkhawa yanga yeniyeni ndi ina, ndipo zofufuza za ku America siziikhudza kwenikweni chifukwa moyo wawo ndi wina. Mwana wanuyo ndi mtsikana. Mtsikana wa zaka 9 akakhala pakhomo nthawi ya m'mawa, ntchito zimamupeza zokha. Lero tsuka mbale kaye, mawa dikira madzi pa mpopi poti abwera mochedwa, mkuja yang'anira mwana wa azakhali ako apita kumaliro. Palibe amene amachita izi ndi mtima woipa, koma teremu ikamatha mupeza kuti waphunzira masiku owerengeka. Yunifolomu imamuteteza ku zimenezi, chifukwa aliyense pakhomo amadziwa kuti nthawi ya sukulu mwana satumidwa. Ndiwonjezere kuti pasukulu pali maso ena. Mphunzitsi ndi amene nthawi zambiri amayamba kuona kuti mwana saona pa bolodi, wayamba kuwonda, kapena wina akumuchita zoipa kunyumba. Ndi chifukwa chake mayiko ambiri amene amalola kuphunzitsa kunyumba amakanganabe za kulembetsa ana otere kuti asazimirire. Ngakhale katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero amaperekedwa kwambiri kudzera m'sukulu, ndiye wa kunyumba muyenera kupita naye nokha ku kiliniki.

Tsopano za inuyo. Jennifer Lois, wofufuza za chikhalidwe cha anthu ku America, anatsatira amayi ophunzitsa ana awo kwa zaka zingapo. Ntchitoyi pafupifupi nthawi zonse imagwera mayi, ndipo ambiri anamuuza za kutopa kosaneneka: kukhala mphunzitsi, wophika, wochapa ndi kholo kwa mwana yemweyo tsiku lonse, popanda nthawi yopuma. Zimapwetekanso mtima mwana akakana phunziro, chifukwa amene wakanidwayo ndi amake, si mphunzitsi amene aweruka 13 koloko. Mwana wamng'ono safuna tsiku lonse, maola awiri kapena atatu a m'mawa ophunzira mosadodometsedwa amakwana. Koma maola amenewo ndi omwe mumatsegula shopu kapena kupita kukaoda katundu ku Kamwala. Bambo ali pa msewu masabata. Kodi adzakhale pansi ndi mwana ndani? Yankho likakhala lakuti wantchito, kapena foni ya mavidiyo a maphunziro, ndiye kuti mwachotsa mwana kwa mphunzitsi wa ana 80 n'kumupereka kumene kulibe mphunzitsi. Mavidiyo amafuna magetsi ndi mabando, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Sindikunena kuti n'za olemera okha. Cheryl Fields-Smith wa ku University of Georgia anafufuza mabanja a anthu akuda a ku America ophunzitsa ana kunyumba, kuphatikizapo amayi olera okha ana, ena a ndalama zochepa. Ambiri anachotsa ana chifukwa sukulu inkawanyoza kapena kuwaona ngati osatha kanthu. Chimene chinkawathandiza ndi kudalirana ndi abale, mpingo ndi mabanja ena, uyu kuphunzitsa ichi, uyo kuphunzitsa icho. Ngati mnzanu wa kutchalitchi zikumuyendera, mufunseni zinthu zenizeni: amayamba nthawi yanji, amatsatira silabasi iti, masamu amaphunzitsa ndani, ndalama zimapita zingati pa teremu, ana adzalemba mayeso ati ndipo kuti. Mayankho ake adzakuuzani zambiri kuposa Rudner.

Musaganize kuti ndikupeputsa vuto lanu. Ndi lalikulu, ndipo si lanu nokha. Pa mayeso a PISA for Development, oyerekeza ana a mayiko osiyanasiyana, amene ana a zaka 15 a m'sukulu za Zambia analemba mu 2017, ana 5 okha mwa 100 anafika pa mlingo wochepetsetsa woyenera pa kuwerenga, ndipo pa masamu anali pafupifupi 2. Maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022 anabweza kusukulu ana ambiri amene umphawi unawathamangitsa, ndipo chimenecho ndimachiyamikira ndi mtima wonse. Boma linalemba aphunzitsi 30,496 chaka chomwecho. Koma makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi wa ana 80 pa phunziro la mphindi 40, ngakhale atakhala wodzipereka chotani, mwana aliyense angamupatse theka la mphindi. Mwana amene anaphonya zilembo mu giredi 1 amangokwera makalasi, kukopera za pa bolodi ndi dzanja lokongola osadziwa chimene walemba. Si ulesi, si kupusa. Phunziro linamupitirira, ndipo palibe amene anabwerera kukamutenga.

Pamenepa pali kafukufuku wina wolimba kuposa wa kuphunzitsa kunyumba uja, ndipo ndi amene akukhudza mwana wanu mwachindunji. Mu 2020 Andre Nickow, Philip Oreopoulos ndi Vincent Quan anaunika zofufuza 96 za kuphunzitsa mwana mmodzi kapena kagulu kochepa, zonse zochitidwa mosankha ana mwamaere, kuti pasakhale kudzisankha. Anapeza kuti njirayi imakweza ana kwambiri, makamaka pa kuwerenga m'makalasi oyamba, ndiponso ikamachitika masiku atatu kapena kuposa pa sabata. Anapezanso chinthu chimene ndiyenera kukuuzani mosabisa: aphunzitsi ndi othandizira ophunzitsidwa ntchito ankakweza ana kuposa makolo. Zimenezi zisakugwetseni mphwayi. Zikungosonyeza kuti chikondi chokha sichikwana, pamafunika njira, ndipo njirayo imaphunziridwa.

Njirayo ili kale muno m'dziko. Unduna wa Zamaphunziro unayamba pulogalamu ya Catch Up mu 2016 m'sukulu 80 za ku Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, potengera njira imene bungwe la Pratham linayambitsa ku India, ndipo kuchokera pamenepo yafalikira m'zigawo zina. Ndi ya ana a giredi 3 mpaka 5, msinkhu wa mwana wanu ndendende. Mfundo yake ndi yosavuta. Mwana amayesedwa payekha kuti adziwike ali pati: sadziwa zilembo, kapena amadziwa zilembo zokha, kapena amawerenga mawu, kapena ndime yaifupi, kapena nkhani yathunthu. Kenako amaphunzitsidwa pafupifupi ola limodzi pa tsiku kuyambira pamene alipo, osati pamene buku la giredi yake likunena. Funsani ahedi ngati pasukulu yawo ilipo. Ngati palibe, mukhoza kuchita zofanana nazo kunyumba.

Muyambe ndi maso ndi makutu. Pitani naye ku kiliniki akamuone, chifukwa mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza akhoza kutha zaka osaona bwino bolodi, iye n'kumaganiza kuti ndi mmene aliyense amaonera. Kenako tengani mapepala. Pa loyamba lembani zilembo khumi zosakanizika, pa lachiwiri mawu afupiafupi monga mayi, galu, nyumba, madzi, pa lachitatu ziganizo zinayi zosavuta, pa lachinayi kankhani kakafupi. Mukhale naye awiriwiri, popanda abale ake omuseka, ndipo musamukonze akalakwitsa. Pamene wakakamira ndi pamene muyambire, ngakhale patakhala pa a, e, i, o, u. Lembani tsiku, sungani mapepalawo.

Ndikupemphani muyambe ndi chinenero chimene amalankhula kunyumba. Makolo ambiri a mu Lusaka amathamangira Chingerezi poona kuti ndicho cha mayeso, ndipo n'zoona mwana adzachifuna. Koma Chinyanja chathu chimalembedwa monga chimamvekera. Mavawelo ndi asanu okha ndipo sasintha. Mwana akadziwa kuti b ndi a ndi ba, m ndi a ndi ma, akhoza kudziwerengera yekha mawu amene sanawaonepo, ndipo amawamva tanthauzo nthawi yomweyo chifukwa ndi mawu a pakamwa pake. M'Chingerezi chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana, ndiye mwana wosachilankhula bwino amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi, kumasula zilembo ndi kumasula chinenero. Akagwira chinsinsi cha kuphatikiza zilembo m'Chinyanja, luso limenelo amapita nalo ku Chingerezi. Chenjerani chabe kuti Chinyanja cha m'mabuku chimayandikira Chichewa cha ku Katete ndi Chadiza, pamene mwana wa mu Lusaka amalankhula cha m'tauni chosakaniza. Akakumana ndi mawu achilendo mumufotokozere, musamukalipire.

Mphindi 30 mpaka 45 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, nthawi yomweyomweyo, zikwana. Akhoza kubwera ku shopu akaweruka, mukhale naye kuseri kwa kauntala nthawi imene makasitomala achepa. Gawo loyamba mumuwerengere nkhani mokweza, chala chanu chikuyenda pansi pa mawu. Gawo lachiwiri mugwire zilembo kapena maphatikizo atsopano awiri kapena atatu, osapitirira apo, kuwalemba pa katoni, kuwadula, kumanga nawo mawu. Gawo lomaliza awerenge iye chinthu chosavuta chimene angachithe, kuti tsiku lililonse azinyamuka atapambana. Mwana amene wakhala zaka zitatu akulephera pamaso pa anzake ali ndi bala mumtima, ndipo ndodo kapena mawu akuti ndiwe mbuli zimangolikulitsa. Za mabuku musadandaule kwambiri. African Storybook ili ndi nkhani zaulere pa intaneti m'Chinyanja zimene mungatsitse pa foni kamodzi n'kumawerenga popanda mabando, ndipo malaibulale a Lubuto muno mu Lusaka anamangidwira ana. Masamu muwalowetse m'ntchito ya pa shopu: awerenge chenji, aphatikize mtengo wa zitenje zitatu, alembe m'buku la malonda.

Mukaonanenso ndi mphunzitsi wake, osati kukamuimba mlandu koma kukamuuza zimene mwapeza ndi kupempha kuti mwana akhale kutsogolo. Aphunzitsi ambiri amasangalala kholo likabwera motero. Za matuishoni ndikutsineni khutu: ambiri amangobwereza za giredi 4 zomwezo kwa kagulu ka ana 20, ndipo mwana wosawerenga amatulukamo monga analowera. Ngati mulipira munthu, akhale wodziwa kuphunzitsa kuwerenga koyambirira, ndipo ayambe ndi kumuyesa mwana.

Ilipo nthawi imene ndinganene kuti muchotseni. Mwana akamazunzidwa pasukulu ndipo akuluakulu a sukulu sakuchitapo kanthu, akamadwala matenda omulepheretsa kupita tsiku ndi tsiku, kapena akakhala ndi chosowa chapadera chimene sukulu zapafupi zalephera kuchisamalira, kunyumba kukhoza kukhala pothawira pabwino. Ngakhale pamenepo ndimayamba ndafunsa ngati sangasamukire sukulu ina. Mukafika pa chisankho chimenecho, pali zinthu ziwiri zoti mukonze mwana asanagone kunyumba tsiku loyamba.

Choyamba ndi lamulo. Mayiko amasiyana kwambiri. Ku Germany n'koletsedwa, ndipo khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagwirizana ndi boma la kumeneko mu 2006. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limalola, koma kholo liyenera kulembetsa mwana ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chake. Kuno kwathu lamulo la maphunziro la 2011 limaika pa kholo udindo wolembetsa mwana wa msinkhu wa sukulu pamalo a maphunziro ndi kuonetsetsa kuti akupitako. Choncho musangosiya kumutumiza mwakachetechete. Pitani ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, mufotokoze cholinga chanu, mupemphe yankho lolembedwa, ndipo musunge kalata iliyonse.

Chachiwiri ndi mayeso, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amagwira njakata mwana atakula kale. Mayeso a Examinations Council of Zambia (ECZ), bungwe loyendetsa mayeso a dziko lino, salembedwa pa tebulo la kunyumba. Mwana amalembetsedwa kudzera pa senta yovomerezeka, ndipo m'maphunziro ena mbali ya malikisi imachokera ku ntchito yochitidwa pasukulu. Komanso kuyambira Januwale 2025 dziko layamba kulowa pang'onopang'ono m'ndondomeko yatsopano, ya pulayimale ya zaka 6, sekondale ya Fomu 1 mpaka 4, kenako Fomu 5 ndi 6. Muyenera kudziwa kuti mwana wanu ali m'ndondomeko iti, mupeze silabasi yake yochokera ku Curriculum Development Centre, nthambi ya Unduna wa Zamaphunziro yokonza masilabasi, kuti tsiku lobwerera kusukulu asadzapezeke waphunzira zina. Mabanja ena amasankha mayeso a Cambridge, amene mwana wosakhala pasukulu angalembe kudzera ku British Council, koma amalipiridwa phunziro lililonse palokha ndipo ndi okwera mtengo kwa banja la kashopu. Ena amagula mapulogalamu a mabuku ochokera ku America kapena ku South Africa. Musanapereke ngwee, funsani a ECZ kapena a ZAQA, bungwe la boma lotsimikizira masatifiketi, ngati satifiketi ya pulogalamuyo imazindikiridwa kuno. Yunivesite ya Zambia imafuna makirediti asanu kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mabuku okongola sangalowe m'malo mwa pepala limenelo.

Koma inu simunafike kumeneko. Mupatseni mwana teremu imodzi yathunthu ya mphindi zija ali pasukulu pomwepo, kenako mutulutse mapepala amene munasunga mumuyesenso. Ana ambiri a msinkhu wake amene vuto lawo linali kuphonya chiyambi amasuntha moonekeratu pa nthawi yotere, wa zilembo kufika pa mawu, wa mawu kufika pa ndime. Akasuntha, pitirizani, muyambe kulowetsamo Chingerezi pang'onopang'ono. Mudzakhalanso mutadziyesa nokha, n'kudziwa ngati muli ndi nthawi ndi kuleza mtima kochita zimenezi maola atatu tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Akapanda kusuntha ngakhale mwalimbikira mokhulupirika, maso ndi makutu zili bwino, mwina ali ndi vuto lapadera la kuwerenga lotchedwa dyslexia kapena lina lofanana nalo. Pamenepo pemphani ahedi kapena mphunzitsi wa uphungu akulembereni kalata yopita kwa akatswiri a maphunziro apadera kuti akamuunike, ndipo mutenge mapepala anu aja, chifukwa adzafuna kuona pamene anayambira ndi zimene munayesa.